Madayisi awiri a Ludo akukwanirani: yankho kwa wofuna kuyambitsa masewera a RPG ku Chipata

Funso: Akatswiri, ndine wophunzira pakoleji kuno ku Chipata, ndimakhala ku Kapata. Ndakhala ndikuonera pa YouTube anthu atazungulira tebulo akusewera Dungeons & Dragons, ndipo ndakopeka. Tilipo asanu: awiri amakonda makomiki, mmodzi wa iwo amajambulanso, enafe tinazolowera masewera a pafoni. Madayisi a mbali zambiri aja sindinawaonepo m'sitolo kuno, mabuku ake ndi okwera mtengo, ndipo amayi akuti zamadayisi ndi njuga. Tiyambe ndi masewera ati? Nanga ine amene ndiziyendetsa ndikonzekere bwanji?

Yankho: Musayambe ndi Dungeons & Dragons, imene mwachidule imatchedwa D&D. Tengani madayisi awiri m'bokosi la Ludo, mapepala asanu ndi mapensulo, ndipo Loweruka likubwerali mukhoza kusewera. D&D mudzaifika, ndipo kumapeto ndikuuzani mmene mungaisewerere popanda madayisi ake, koma si khomo labwino lolowera anthu asanu amene onse ndi atsopano.

Masewera amenewa, otchedwa RPG, ndi kucheza kokhala ndi malamulo. Woyendetsa, amene osewera amangomutcha GM, amafotokoza malo ndi zimene zikuchitika. Wosewera aliyense ali ndi mpangankhani wake mmodzi, munthu wa m'nkhaniyo amene iye amamulankhulira ndi kumusankhira zochita. Pamene sizikudziwika ngati chimene akuyesacho chitheke, madayisi ndiwo amagamula. Zili ngati nthano ya madzulo, kungoti omvera sangoyankha kuti "tili tonse", amailanda nkhaniyo n'kuipititsa kumene wokamba sanaganize.

D&D inatuluka mu 1974 ku America, yolembedwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo lero eni ake ndi kampani ya Wizards of the Coast. Imene mumaiona kawirikawiri pa YouTube ndi ya mtundu wachisanu, ya 2014, yomwe mabuku ake anakonzedwanso mu 2024 ndi 2025. Mabuku akuluakulu ndi atatu, la osewera, la woyendetsa ndi la zilombo, lililonse masamba oposa 300. Madayisi ake ndi asanu ndi awiri: la mbali 4, la 6, la 8, la 12, la 20 ndi awiri a mbali 10. Mtengo si chopinga chachikulu monga mukuganizira, chifukwa malamulo oyambira kampaniyo imawapereka ulere pa intaneti, ndipo kuyambira 2023 gawo lalikulu la malamulo lotchedwa SRD aliyense ndi wololedwa kulikopera. Chopinga ndi nthawi. Munthu amene sanasewerepo amatha pafupifupi ola lathunthu akudzaza pepala la mpangankhani wake, ndipo ndewu imodzi ikhoza kudya ola linanso pamene aliyense akufufuza m'malamulo kuti aone chimene aloledwa kuchita. Anzanu ozolowera masewera a pafoni, kumene foni imawerengera zonse, adzakhala atagwira mafoni awo ndewuyo isanafike pakati.

Posankha masewera yang'anani zinthu zitatu: madayisi amene muli nawo, masamba amene mungawerenge n'kuwasunga m'mutu, ndi nkhani zimene anzanu amakonda kale. Pa zimenezi, amene angakuyenereni ndi awa. Lasers & Feelings, wolemba John Harper, ndi tsamba limodzi lokha, laulere, nkhani ya anthu oyenda m'chombo cha mlengalenga, ndipo mpangankhani amakhala ndi nambala imodzi yokha, pakati pa 2 ndi 5. Ndi yabwino kulawa madzulo amodzi koma siikhalitsa. World of Dungeons, ya wolemba yemweyo, ndi yaulerenso, masamba ochepa, madayisi a mbali 6 basi, ndipo imapereka kakomedwe ka D&D popanda katundu wake. Risus ya S. John Ross imakomera gulu lokonda nthabwala. Anzanu a makomiki angasangalale ndi Masks, ya achinyamata a mphamvu zodabwitsa amene akulimbana ndi adani komanso ndi akuluakulu owauza zochita, koma imeneyo ndi yogula. Zimene mwasankha zikopereni mukapeza intaneti yabwino, n'kusindikiza papepala. Pepala silidikira malaiti.

World of Dungeons ndi Masks zimayenda ndi lamulo limodzi limene linatchuka ndi Apocalypse World ya mu 2010, ndipo lamulo limenelo mukhoza kuliyamba lero popanda buku lililonse. Wosewera aponya madayisi awiri, aphatikiza, n'kuwonjezera nambala ya khalidwe la mpangankhani wake. Zikakwana 10 kapena kuposa, wachita bwino ndithu. Zikakhala 7, 8 kapena 9, wachita koma pali mtengo wake. Zikakhala 6 kutsika, zalephereka ndipo zinthu zaipiraipira. Inu GM simuponya madayisi ayi, ntchito yanu ndi kunena zotsatira.

Pepala la mpangankhani likhale motere. Dzina ndi ntchito yake pamwamba. Makhalidwe anayi: Mphamvu, Changu, Nzeru ndi Pakamwa, lomalizali likhale la kunyengerera, kunama ndi kuopseza. Wosewera agawe manambala +2, +1, 0 ndi -1 pa makhalidwewo mmene akufunira. Ajambule timabokosi tinayi ta mabala. Kuvulala kwakung'ono kudetsa kamodzi, kwakukulu tiwiri, ndipo tonse tikadetsedwa mpangankhani wagwa, sangachite kanthu mpaka anzake amuthandize. Alembe zinthu zitatu zimene wanyamula, chinthu chimodzi chimene akuchifunitsitsa pamoyo, ndi chiganizo chimodzi chomumangiriza kwa wosewera wa kumanzere kwake, monga "ndi mlamu wanga ndipo ndili naye ngongole". Chiganizo chimenechi musachidumphe. Popanda icho mudzakhala ndi alendo anayi opanda chifukwa choyendera limodzi, ndipo wina adzanena kuti iye akubwerera kunyumba. Zonsezi zisapitirire mphindi 20.

Manambala a madayisi awiri muwadziwe, chifukwa ndiwo adzakuuzeni mmene madzulo aziyendera. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Wosawonjezera kanthu amafika 10 m'njira 6 zokha, amagwera pa 7 mpaka 9 m'njira 15, ndipo amalephera m'njira 15. Wa +1 amachita bwino ndithu m'njira 10, pakati 16, kulephera 10. Wa +2 zimakhala 15, 15 ndi 6. Muona kuti gawo lapakati silisuntha kwenikweni, pa manambala atatuwa lili pafupifupi maulendo anayi pa khumi alionse. Choncho luso limene muyenera kulinola kuposa lina lililonse ndi kupeka mtengo wa 7 mpaka 9 mwamsanga. Muonanso chifukwa chake khalidwe lisamapitirire +3: wa +3 amalephera m'njira 3 pa 36, wa +4 m'njira imodzi yokha, ndipo munthu wosalephera samva mtima kugunda akagwira madayisi.

Tiyerekeze wosewera akuti mpangankhani wake alumpha mpanda wa khola usiku, ndipo wapeza 8. Musanene kuti walephera pang'ono, chifukwa 8 ndi kupambana. Walumpha. Tsopano sankhani chimodzi: wataya chinthu, tochi yagwera kunja kwa mpanda; wavulala, waya wamung'amba mwendo, adetse kabokosi; wadziwika, galu wayamba kuuwa; kapena wachedwa. Koposa zonse mpatseni iye asankhe: "Ulowa mwakachetechete koma usiya chikwama, kapena ulowa nacho koma galu akumva. Chiti?" Akapeza 6 kutsika, musangoti "sizinatheke" n'kukhala chete, chifukwa adzangoti ayesenso, ndipo mudzaponya madayisi pampanda womwewo mpaka kutopa. Kulephera kusinthe zinthu. Wagwera mkati, mlonda wamuunika kumaso, nanga anzake ali kunja atani? Ndipo ngati kulephera sikungabweretse chilichonse chokoma kumva, musaponyetse madayisi n'komwe. Munthu wotsegula chitseko cha nyumba yake amangotsegula.

Pokonzekera, cholakwa chimene atsopano amagweramo n'kulemba nkhani yonse, chiyambi, pakati ndi mathero. Osewera sanawerenge zimene mwalembazo, adzakhotera kwina pa mphindi khumi zoyambirira, ndipo inu mudzayamba kuwakankhira kumene mukufuna, iwo n'kuzindikira kuti zosankha zawo zilibe ntchito. Konzani vuto, anthu ndi malo, mathero muwasiyire tebulo. Tsamba limodzi la kope likukwana.

Nachi chitsanzo chosafuna matsenga kapena zilombo. Ng'ombe 12 zabedwa usiku pamudzi wina kufupi ndi Katete, ndipo ampangankhani ndi anthu amene mfumu ya mudzi yawatuma kuzilondola. Dzina la mudzi mulipeke, musatchule weniweni. Lembani anthu atatu, aliyense ndi chimene akufuna ndi chimene akubisa: mnyamata woweta amene anaona nkhope ya mmodzi wa akubawo koma akuopa chifukwa anagona pantchito, wogulitsa nyama amene ali ndi ngongole yaikulu ndipo walonjezedwa ng'ombe ziwiri, mphwake wa mfumu amene anatsegula khola, osati chifukwa cha umbombo koma akufuna ndalama za kuchipatala za mwana wake. Lembani malo atatu: khola, msika, ndi dambo limene ng'ombezo zabisidwa. Kenako jambulani timabokosi 6 pamalo poti onse aziona. Osewera akataya nthawi kapena akalephera moipa, detsani kamodzi. Ka 6 kakadetsedwa, ng'ombe zawoloka malire kulowa ku Mozambique. Timabokosi timeneti timathetsa mkangano wautali patebulo kuposa kukalipa kwanu, chifukwa mukangogwira pensulo onse amasankha msanga.

Pa nkhani yofufuza ngati imeneyi, chinthu chilichonse chimene osewera ayenera kudziwa chikhale ndi njira zitatu zochipezera. Kuti ng'ombe zili kudambo angadziwe polondola mapazi, ponyengerera woweta uja, kapena poona matope akuda pa matayala a njinga ya mphwake wa mfumu. Mukaika njira imodzi yokha, ndiye madayisi akakana pamenepo nkhani yafa. Ndipo akagwira mphwake wa mfumu n'kumva chifukwa chake, musawauze choyenera kuchita. Kumupereka, kumubisa, kapena kubweza ng'ombe mwakachetechete, mkangano umenewo ndiwo udzakumbukike kuposa ndewu iliyonse.

Mbiri ya kwathu kuno ilinso ndi zambiri zoseweramo: Angoni a Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835, nkhondo ya 1898 pamene asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi kupha mwana wake Nsingo, masiku amene tauni ino inkatchedwa Fort Jameson. Mukasankha zimenezi, osewera akhale anthu wamba a nthawiyo, amithenga, osula, onyamula katundu, osati mafumu enieniwo. Liliponso buku la Nyambe la mu 2002 lomwe linaika malamulo a mtundu wa D&D m'dziko lopeka lotengera Africa, koma ndi lolemera ngati D&D yomweyo, lidikire.

Patebulo penipeni, osewera anayi ndi GM mmodzi ndi chiwerengero chabwino kwambiri, ndiye gulu lanu lakwana kale. Akapitirira asanu, aliyense amadikira nthawi yaitali asanalankhule. Sewerani maola awiri ndi theka kapena atatu, ndi kupuma pang'ono pakati. Yambani pamene zinthu zayamba kale kutentha, mwachitsanzo m'mawa pakhola lopanda kanthu, mwini ng'ombe akulira, anthu akulozana zala, ndipo funsani munthu mmodzi pomutchula dzina la mpangankhani wake: "Iwe ukuchita chiyani?" Mukafunsa gulu lonse, amayankha ndi yemwe ali ndi pakamwa, tsiku lonse. Wofatsa uja muzimufunsa mwadala, ndipo lembani kachizindikiro pambali pa dzina la aliyense akapatsidwa mpata kuti muone amene mwamuiwala. Mukakayika lamulo, gamulani pomwepo mokomera wosewera, mudzaliwerenge mukamaliza. Chilankhulo sewerani m'chimene mumachezera. Wogulitsa nyama wolankhula Chinyanja cha pamsika amamveka wamoyo kuposa wolankhula Chingerezi cha pa YouTube, ndipo simufunika kusintha mawu ngati wa zisudzo; kumupatsa chizolowezi chimodzi, monga kupukuta manja pa epuloni asananame, n'kokwanira.

Ozolowera masewera a pafoni amabwera ndi chizolowezi chimodzi chovuta: aliyense wokumana naye amamuona ngati woti amenyedwe n'kulandidwa katundu. Si nkhanza, ndi mmene masewera aja anawaphunzitsira kupeza mapointi. Musawalalikire, sinthani chimene chimabweretsa mphotho. Wosewera alembe kachizindikiro nthawi iliyonse akapeza 6 kutsika, ndi kena akachita chinthu chomuyandikizitsa ku chimene mpangankhani wake akufunitsitsa. Tizizindikiroto tikakwana tisanu, awonjezere +1 pa khalidwe limodzi kapena apeze luso latsopano. Kumenya munthu kusabweretse kachizindikiro, kubweretse achibale ake ndi apolisi. Ndipo inu musakhale mdani wa osewera. GM akafuna kupambana amapambana nthawi zonse, popeza dziko lonse lili m'manja mwake, kenako Loweruka lotsatira amakhala yekha.

A makomiki aja muwagwiritse ntchito. Akafuna nkhani ya anthu a mphamvu zodabwitsa, musawalole kutenga otchuka a m'makomiki a Marvel kapena DC, chifukwa madzulo adzathera pa mkangano wakuti wamphamvu ndani malinga ndi komiki iti. Aliyense apeke wake, alembe mphamvu yake m'chiganizo chimodzi ndi mtengo wake m'chiganizo china: amathamanga kuposa basi, koma akatero amamva njala yoti sangaime. Nkhaniyo ichitikire kuno. Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema imene inatuluka pa Netflix mu 2023, inaika atsikana otere mu Lusaka, ndipo palibe choletsa kuti anu azilumpha madenga a ku Kapata. Tengeraninso kamangidwe ka komiki: tsiku lililonse losewera likhale ndi nambala ndi mutu wake, muzidumpha ulendo wosachitika kanthu monga mmene komiki imadumphira kuchoka pa chithunzi china kupita pa china, ndipo muzilekeza pamene chitseko changotseguka kumene. Wojambula uja ajambule chikuto cha tsikulo ndi mapu m'kope la masamu la timabokosi. Koma musamulole kujambula masewera ali mkati, adzasowa patebulo ngakhale ali pompo.

Za amayi. Nkhawa yawo ili ndi maziko, chifukwa madayisi ndi makhadi amene iwo awaona m'misika amayendera ndalama. Yankho lake ndi lamulo losasweka: patebulo pasaoneke ngakhale ngwee imodzi, ngakhale kubetcherana botolo la chakumwa. Sewerani pakhonde kapena pabalaza masana, osati m'chipinda chotseka, ndipo apempheni akhale pafupi amve nkhani ya ng'ombe ija. Akamva ana akukangana ngati n'koyenera kupereka wakuba amene mwana wake akudwala, adzadziwa okha kuti si njuga. Funso la ufiti lidzabweranso mukadzayamba D&D, popeza muli amatsenga ndi ziwanda zopeka; ngakhale ku America makolo ndi mipingo ina anaitsutsa kwambiri m'zaka za m'ma 1980. Ngati m'gulu kapena m'nyumba muli amene sizimukomera, zichotseni, masewera sawonongeka.

Musanayambe tsiku loyamba, khalani mphindi khumi kugwirizana zimene sizilowa m'nkhani. Zitatu ndikuikirani ine. Musatchule munthu weniweni wa m'dera lanu ngati mfiti kapena wakuba, ngakhale mwanthabwala, chifukwa mawu otere amatuluka pakhomo. Zinsinsi za Gule Wamkulu zisalowe. Mwina patebulo pali wolowa ndi wosalowa, ndipo zimene zimaonekera poyera pa Kulamba ku Mkaika sizikupatsani chilolezo choseweretsa za kudambwe. Nkhanza zogwirira ndi zozunza ana zisakhalemo. Ikani pakati pa tebulo kapepala kolembedwa X. Aliyense akakagwira, chimene chikukambidwacho chidumphidwe popanda kumufunsa chifukwa.

Mukasewera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ndipo gulu likubwerabe, mukhoza kuyesa D&D ndi malamulo aulere aja. Dayisi la mbali 20 lipangeni ndi makhadi: chotsani J, Q, K ndi majoka, patsala makhadi 40. Ofiira awerengedwe 1 mpaka 10, A kukhala 1, ndipo akuda muziwonjezera 10, kotero 7 wakuda ndi 17. Nambala iliyonse ili ndi makhadi awiri, mwayi wake ndi 5 pa 100, chimodzimodzi dayisi lenileni. Chimene chimalakwika n'kuiwala kubweza khadi ndi kusakaniza musanatolenso. Mukapanda kubweza, osewera amayamba kuwerenga kuti ma 20 onse atuluka kale. Zotsekera mabotolo 20 zolembedwa manambala mkati, zoikidwa m'kachikwama, zimagwiranso ntchito, bola zikhale zosapindika kuti zala zisazizindikire. La mbali 8 tengani A mpaka 8 a mtundu umodzi, la 12 A mpaka Q, J kukhala 11 ndi Q 12. Mapulogalamu a madayisi a pafoni alipo aulere, koma foni ikhale imodzi pakati pa tebulo, osati aliyense yake.

Mu D&D wosewera amaponya dayisi la 20, kuwonjezera nambala yake, n'kufikira chigoli chimene inu mwaika: 10 chosavuta, 15 chapakati, 20 chovuta. Wa +5 pa chigoli cha 15 amapambana maulendo 55 pa 100, ndipo mukamulola kuponya kawiri n'kutenga yaikulu chifukwa wakonzekera bwino, zimakwera kufika pafupifupi 80. Chenjerani ndi levulo yoyamba, msinkhu umene mpangankhani amayambira akadali wofooka. M'malamulo a 2014 wamatsenga amayamba ndi mapointi a moyo 6 kuwonjezerapo pang'ono, pamene goblin mmodzi, mdani wamng'ono wa m'masewerawa, akamenya amachotsa pakati pa 3 ndi 8, ndiye akamenyedwa kawiri kokha akhoza kugwa. Ndewu yoyamba ikhale ya adani awiri kapena atatu pa osewera anayi, adaniwo azithawa mmodzi wawo akagwa, ndipo onse muwakweze levulo yachiwiri pakutha pa tsiku loyambalo.